Miyeso Yoyerekezera Chuma ndi Umoyo wa Mayiko: Mmene Imawerengedwera ndi Mmene Iyenera Kumvekera

1. Mawu oyamba

Chaka ndi chaka mabungwe a padziko lonse amatulutsa malipoti ondandalika mayiko, kuyambira limene lili patsogolo kufikira limene latsalira. Malipotiwa akangotuluka, nyuzipepala ndi mawayilesi amalengeza nambala imene dziko lililonse lapeza, ndipo mtsutso umabuka. Ena amati dziko lakwera, ena amati latsika, koma kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimakhala zisanaone chimene chayezedwa. Nkhani ino yakonzedwa kuti ithandize aphunzitsi, ophunzira, atolankhani, atsogoleri a m'madera ndi anthu onse kumvetsa kumene manambalawa amachokera, zimene amanena, ndi zimene sanganene.

Kumvetsa zimenezi n'kofunika chifukwa manambalawa ali ndi mphamvu pa moyo wa anthu. Ena mwa iwo ndi amene amagamula ngati dziko lilandire ngongole yachiwongoladzanja chochepa, ngati katundu wake alowe m'misika ya kunja popanda msonkho, ndiponso ngati zolinga zimene dziko linadziikira zakwaniritsidwa.

2. Muyeso wophatikiza n'chiyani?

Pamsika, wina akagulitsa chimanga pandowa ndipo mnzake akagulitsa pasikelo, wogula sangadziwe wotchipa kufikira atasandutsa zonse kukhala makilogalamu. Vuto loyerekeza mayiko ndi lomweli, kungoti ndi lalikulu. Umoyo wa anthu uli ndi mbali zambiri: ndalama zimawerengedwa m'madola, moyo m'zaka, maphunziro m'makalasi, madzi abwino m'maperesenti. Zinthu zimenezi sizingaphatikizidwe mmene zililimo.

Muyeso wophatikiza ndi nambala imodzi yopangidwa kuchokera ku ziwerengero zingapo zosiyana. Aliyense wopanga muyeso wotere amadutsa masitepe anayi. Poyamba amasankha zinthu zoti ziyezedwe. Kenaka amazisandutsa kuti zonse zikhale pamlingo umodzi, nthawi zambiri kuyambira pa 0 kufika pa 1. Chachitatu, amagamula kulemera kwa chinthu chilichonse, kaya zonse zilingane kapena china chipose chinzake. Pomaliza amasankha njira ya masamu yoziphatikizira. Pa sitepe iliyonse pali chisankho cha munthu, ndipo chisankho chikasintha, nambala ya dziko imathanso kusintha ngakhale moyo wa anthu uli momwemo.

3. Chiyambi chake: GDP ndi GNI

Muyeso wakale ndiponso wodziwika kwambiri ndi GDP, umene ndi mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dziko pachaka. Maziko ake anayalidwa m'zaka za m'ma 1930, pamene chuma cha mayiko ambiri chinagwa. Mu 1934 katswiri wa zachuma Simon Kuznets anapereka ku nyumba ya malamulo ya United States lipoti lowerengera chuma cha dzikolo, ndipo m'lipoti lomwelo anachenjeza kuti chiwerengero chotere sichikwanira kusonyeza mmene anthu akukhalira.

Mnzake wa GDP ndi GNI. Muyeso uwu umatenga GDP, n'kuwonjezera phindu, chiwongoladzanja ndi malipiro amene eni dziko apeza kunja, kenaka n'kuchotsa zimene alendo apeza m'dzikomo n'kutumiza kwawo. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi kumaoneka bwino m'mayiko mmene muli makampani ambiri akunja. Mu 2016 dziko la Ireland linalengeza kuti GDP yake ya 2015 inakula ndi 26 peresenti. Anthu a ku Ireland sanalemere chotero m'chaka chimodzi. Chimene chinachitika n'chakuti makampani akuluakulu akunja anasamutsira chuma chawo m'mabuku a dzikolo. Kuyambira pamenepo Ireland inakonza muyeso wakewake wochotsa zoterezi kuti izidziwa mmene chuma chake chenicheni chilili.

GDP ndi GNI zikagawidwa ndi chiwerengero cha anthu, zimapereka ndalama zimene munthu mmodzi akadapeza chuma chikadagawidwa mofanana. Nambala imeneyi ndi yothandiza, koma ili ndi malire. Siiwerengera ntchito ya mayi wophika, wolera ana ndi wodwazika matenda pakhomo. Zokolola za mlimi wolima chakudya cha banja lake zimangoyerekezedwa, popeza sizidutsa pamsika. Mitengo ikadulidwa n'kuwotchedwa makala, ndalama ya makalawo imalowa m'chiwerengero koma kutha kwa nkhalango sikuchotsedwamo. Namondwe akagumula milatho, ntchito yomanganso imawonjezera GDP, pamene kuwonongeka kwa milathoyo sikulembedwa ngati chotayika.

4. Kusandutsa ndalama za mayiko kuti zifanane

Dziko lililonse limawerengera chuma chake m'ndalama yake: kwacha, randi, shilingi, metikali. Pali njira ziwiri zozisandutsira kukhala madola, ndipo zimapereka mayankho osiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi yotsatira mtengo wosinthira ndalama kubanki. Vuto lake n'lakuti mtengowu umagwedezeka. Mu November 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kuwerengera m'madola, chuma cha dziko chinaoneka ngati chafota tsiku limodzi, chonsecho minda, mafakitale ndi antchito anali omwewo. Pofuna kuchepetsa kugwedezeka kotere, World Bank imagwiritsa ntchito njira yotchedwa Atlas, imene imatenga avareji ya mtengo wosinthira ndalama wa zaka zitatu.

Njira yachiwiri ndi ya PPP, imene imafunsa kuti ndalama ingagule zochuluka bwanji m'dziko lake lomwe. Kumeta tsitsi, kukwera minibasi kapena kugula mulu wa tomato kumafuna madola ochepa ku Lilongwe kusiyana ndi ku London. Choncho dola imodzi imapita patali m'dziko losauka kuposa m'dziko lolemera. Pofuna kudziwa kusiyanaku, ntchito ya International Comparison Program, imene inayamba mu 1968 ndipo tsopano imatsogoleredwa ndi World Bank, imasonkhanitsa mitengo ya katundu wofanana m'mayiko ambiri. Kusonkhanitsa kwakukulu kwaposachedwa kunachitika mu 2011, 2017 ndi 2021. Mitengo yatsopano ikatuluka, ziwerengero zonse zodalira PPP zimakonzedwanso. N'chifukwa chake, mwa zina, mzere wa umphawi wadzaoneni padziko lonse unachoka pa madola 1.90 patsiku kufika pa 2.15 mu 2022, kenaka pa madola 3.00 mu 2025.

Lamulo lake ndi losavuta: poyerekeza mphamvu ya dziko yogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala kunja, mtengo wakubanki ndiwo woyenera. Poyerekeza mmene anthu akukhalira m'makomo mwawo, PPP ndiyo yoyenera. Kusakaniza ziwirizi m'chiganizo chimodzi ndiko kumasocheretsa ambiri.

5. Muyeso wa chitukuko cha anthu: HDI

Mu 1990 bungwe la UNDP linatulutsa lipoti loyamba la chitukuko cha anthu, ndipo m'menemo munali muyeso watsopano wotchedwa HDI. Anautsogolera ndi Mahbub ul Haq, katswiri wa zachuma amene anakhalapo nduna ya zachuma ku Pakistan, mothandizana ndi Amartya Sen wa ku India, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Ganizo lawo linali lakuti chuma ndi njira chabe, ndipo cholinga chake ndi chakuti munthu akhale ndi moyo wautali, adziwe zinthu, ndiponso akhale ndi zomuyenereza kusankha moyo umene akuufuna. Sen poyamba ankakayika ngati nkhani yaikulu chotere ingakwane m'nambala imodzi. Haq anaumirira kuti nambala imodzi yokha ndiyo ingalande malo a GDP m'maganizo a atsogoleri ndi atolankhani.

HDI ili ndi zigawo zitatu zolemera mofanana.

Chigawo cha thanzi chimayezedwa ndi zaka zimene mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo. Malire apansi ndi zaka 20, apamwamba ndi zaka 85.

Chigawo cha maphunziro chili ndi ziwerengero ziwiri. Choyamba ndi zaka zimene mwana woyamba sukulu akuyembekezeka kukhala pasukulu, ndipo malire ake apamwamba ndi 18. Chachiwiri ndi avareji ya zaka zimene akuluakulu a zaka 25 kupita m'tsogolo anaphunzira, ndipo malire ake apamwamba ndi 15.

Chigawo cha ndalama chimayezedwa ndi GNI ya munthu mmodzi m'madola a PPP, kuyambira pa madola 100 kufika pa 75,000. Pano amagwiritsa ntchito masamu a logarithm, amene tanthauzo lake ndi ili: ndalama yowonjezera imasintha kwambiri moyo wa wosauka kuposa wa wolemera. Dziko lochoka pa madola 1,000 kufika pa 2,000 limakwera mofanana ndi dziko lochoka pa madola 20,000 kufika pa 40,000.

Mayiko amagawidwa m'magulu anayi. Amene apeza 0.800 kupita m'mwamba ali m'gulu lapamwamba kwambiri. Kuyambira 0.700 kufika 0.799 ndi gulu lapamwamba, 0.550 kufika 0.699 ndi gulu lapakati, ndipo osafika 0.550 ali m'gulu lotsika.

6. Chitsanzo cha kawerengedwe

Lipoti la UNDP la 2023/24, limene linagwiritsa ntchito ziwerengero za 2022, linandandalika mayiko 193. Switzerland inali patsogolo ndi 0.967 ndipo Somalia inali kumapeto ndi 0.380. Malawi inapeza 0.508 n'kukhala pa nambala 172. Nambala ya 0.508 inapezeka motere.

Pa thanzi, zaka zoyembekezeka kukhala ndi moyo zinali 62.9. Pochotsa 20 pamatsala 42.9, ndipo pogawa ndi 65, umene ndi mtunda wa pakati pa 20 ndi 85, pamapezeka 0.660.

Pa maphunziro, zaka zoyembekezeka kukhala pasukulu zinali 11.5, zimene pogawa ndi 18 zimapereka 0.639. Zaka zimene akuluakulu anaphunzira zinali 5.2, zimene pogawa ndi 15 zimapereka 0.347. Avareji ya ziwirizi ndi 0.493.

Pa ndalama, GNI ya munthu mmodzi inali madola a PPP 1,432, imene m'masamu a logarithm imapereka 0.402.

Manambala atatuwa amachulukitsidwa pamodzi n'kupereka 0.131. Kenaka pamafunidwa nambala imene ikalembedwa katatu n'kuchulukitsidwa ipereke 0.131. Nambala imeneyo ndi 0.508.

Woyang'ana zigawozi amaphunzira zambiri kuposa womva nambala 172 yokha. Chigawo champhamvu ndi thanzi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene matenda a Edzi anali atafika pachimake, zaka zoyembekezeka kukhala ndi moyo m'Malawi zinali zosafika 50. Mankhwala otalikitsa moyo amene anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, pamodzi ndi kuchepa kwa imfa za ana, ndizo zinakweza chigawochi. Pa maphunziro pali mpata waukulu pakati pa ana ndi makolo awo: 0.639 ndi 0.347. Mpatawu ukusonyeza mbiri ya dziko, popeza maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ndipo ambiri mwa akuluakulu anapitirira msinkhu wa sukulu chaka chimenecho chisanafike. Chiwerengero cha akuluakulu chimakwera pang'onopang'ono, m'badwo wina ukamalowa m'malo mwa unzake, ndipo palibe boma limene lingachikweze m'zaka zisanu. Chigawo chofooka koposa ndi ndalama, ndipo ndicho chimakokera muyeso wonse pansi.

Njira yochulukitsayi inayamba mu 2010. Kale zigawo zitatu zinkangophatikizidwa n'kugawidwa ndi 3. Kusiyana kwake kungaoneke ndi mayiko awiri ongoyerekeza. Loyamba lapeza 0.6 pa zigawo zonse zitatu. Lachiwiri lapeza 0.9 pa ndalama, 0.6 pa thanzi ndi 0.3 pa maphunziro. M'njira yakale onse awiri akadapeza 0.600. M'njira yatsopano loyamba likhalabe pa 0.600 koma lachiwiri ligwera pa 0.545, m'gulu lotsika. Njira yatsopanoyi imakana zoti ndalama zambiri zingakwirire kusowa kwa sukulu. Mphika sukhazikika ngati limodzi mwa mafuwa atatu ndi lalifupi.

N'chifukwa chake mndandanda wa HDI sufanana ndi wa ndalama. Equatorial Guinea, dziko la mafuta, limapeza ndalama zochuluka kuposa mayiko ambiri a mu Africa, koma pa HDI lili m'gulu lapakati chabe. Sri Lanka, pa ndalama zosachuluka, lakhala likupeza malo abwino chifukwa cha zipatala ndi sukulu zofikira anthu ambiri.

7. Zimene avareji imabisa

Munthu mmodzi akadya mitanda isanu ya nsima mnzake n'kudya umodzi, avareji imati aliyense wadya itatu. HDI nayo ndi avareji, choncho siinena za kagawidwe. Pali miyeso ina yothandiza kuona zimenezi.

Muyeso wa Gini, umene unakonzedwa ndi Corrado Gini wa ku Italy mu 1912, umayambira pa 0, pamene onse apeza mofanana, kufika pa 1, pamene mmodzi watenga zonse. South Africa ili m'gulu la mayiko a chuma chapakati chokwererapo, koma muyeso wake wa Gini ndi woposa 0.6, umodzi mwa yokwera kwambiri padziko lonse. Chuma chake chilipo ndithu, koma chili m'manja mwa ochepa.

Mu 2010 UNDP inawonjezera IHDI, imene imachotsa pa HDI molingana ndi kukula kwa kusiyana pakati pa anthu pa thanzi, maphunziro ndi ndalama. Kukanakhala kuti onse ali mofanana, IHDI ikanalingana ndi HDI. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndiwo chitukuko chimene chatayika chifukwa cha kusiyana. Palinso miyeso yoona kusiyana kwa amayi ndi abambo, ndipo kuyambira 2020 pali wina wochotsa pa HDI molingana ndi mmene dziko likuwonongera chilengedwe.

Chaka chomwecho cha 2010 kunayamba MPI, muyeso wa umphawi wa mbali zambiri, umene UNDP inakonza pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford potsatira njira ya Sabina Alkire ndi James Foster. Uwu suyamba ndi dziko, umayamba ndi banja. Uli ndi zinthu khumi. Zinayi ndi zolemera kwambiri, chilichonse gawo limodzi mwa magawo 6: kunyentchera, imfa ya mwana, zaka za maphunziro ndi kupita kusukulu kwa ana. Zisanu ndi chimodzi ndi zopepukirapo, chilichonse gawo limodzi mwa magawo 18: zophikira, chimbudzi, madzi akumwa, magetsi, nyumba ndi katundu wa pakhomo. Banja limawerengedwa losauka ngati zosowa zake zafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwachitsanzo, banja lokhala ndi mwana wonyentchera, lophika ndi nkhuni, lopanda magetsi, ndiponso lotunga madzi pamtunda wa mphindi 30 kapena kuposerapo kupita ndi kubwera, lafika pa mlingowo, ngakhale mwini wake atakhala kuti wagulitsa fodya chaka chimenecho.

Ubwino wa MPI ndi wakuti ingaphwanyidwe potsatira boma, chigawo, mudzi ndi tauni, ndiponso potsatira chosowa chilichonse. Khonsolo ingaone ngati vuto lalikulu la dera lake ndi madzi kapena sukulu. Dziko la Malawi linatulutsa lipoti lake loyamba la MPI mu 2021, lokhala ndi zinthu zosankhidwa molingana ndi moyo wa m'dziko muno. Pachifukwa chimenechi nambala ya MPI ya dziko ndi ya MPI ya padziko lonse siziyenera kuyerekezedwa ngati chinthu chimodzi.

8. Pamene miyeso imagamula

Pa 1 July chaka chilichonse World Bank imagawa mayiko m'magulu anayi: a chuma chotsika, a chuma chapakati chotsikirapo, a chuma chapakati chokwererapo, ndi a chuma chapamwamba. Pano HDI siigwira ntchito. Chimene chimaonedwa ndi GNI ya munthu mmodzi m'njira ya Atlas basi. M'zaka zaposachedwa malire otulukira m'gulu lotsika akhala opitirira pang'ono madola 1,100, ndipo malire olowera m'gulu lapakati lokwererapo akhala pafupi ndi madola 4,500. Malirewa amakonzedwanso chaka chilichonse. GNI yomweyi ndi imodzi mwa mfundo zoonera mayiko oyenera ngongole zofewa za nthambi ya bankiyi yotchedwa IDA.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amanena kuti dziko lifike pa chuma chapakati chokwererapo pofika 2063, ndipo ndondomeko yake ya zaka khumi zoyamba inaika cholinga cha chuma chapakati chotsikirapo pofika 2030. Pofuna kuona ngati zolingazi zikuyandikira, nambala yoyenera kutsatira ndi ya Atlas. Madola a PPP 1,432 amene ali mu HDI ndi a mtundu wina, ndipo kuwaika pambali pa malire a madola 1,100 kungapereke chithunzi cholakwika chakuti cholinga chinakwaniritsidwa kale.

Bungwe la United Nations lili ndi gulu lakelake la mayiko osauka kwambiri, limene linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo Malawi yakhala m'gululi kuyambira pachiyambi. Komiti ya akatswiri imaunika mndandandawu zaka zitatu zilizonse pogwiritsa ntchito miyeso itatu. Woyamba ndi GNI. Wachiwiri ndi muyeso wophatikiza wa thanzi ndi maphunziro, mmene muli imfa za ana osafika zaka zisanu, imfa za amayi pobereka, kupinimbira kwa ana, kudziwa kulemba ndi kuwerenga, ndi kulowa sukulu za sekondale. Wachitatu ndi muyeso wophatikiza wa kusatetezeka kwa chuma, mmene muli kutalikirana ndi nyanja ndi misika, kudalira mbewu zochepa pa malonda akunja, kugwedezeka kwa zokolola, ndi kuchuluka kwa okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nthawi zambiri dziko limatuluka m'gululi likakwaniritsa miyeso iwiri mwa itatu pa kuunika kuwiri kotsatizana. Botswana inatuluka mu 1994, Cabo Verde mu 2007, Bhutan mu 2023, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 m'gululi munatsala mayiko 44. Kutuluka ndi ulemu, komabe kumabwera ndi mtengo wake, pakuti mwayi wina wa malonda opanda msonkho ndi thandizo lapadera umayamba kutha.

9. Zoyenera kusamala powerenga

Choyamba, malo pamndandanda ndi nkhani yofooka kuposa nambala yeniyeni. Dziko lingathe kupita patsogolo koma n'kutsika malo chifukwa anzake athamanga koposa, kapena chifukwa mayiko ena alowa m'ndandanda chaka chimenecho. Mayiko oyandikana pamndandanda nthawi zambiri amasiyana ndi 0.001 kapena 0.002, kusiyana kochepa kuposa zolakwika zimene zimapezeka m'kafukufuku aliyense.

Chachiwiri, manambala a m'malipoti a zaka zosiyana sayenera kuyerekezedwa mwachindunji. Lipoti lililonse limawerengeranso zaka zam'mbuyo ndi ziwerengero zokonzedwa. Wofuna kudziwa ngati dziko lakwera ayang'ane mndandanda wa zaka zonse m'lipoti limodzi latsopano.

Chachitatu, chuma chingakule papepala chifukwa cha kusintha kwa kawerengedwe. Mu 2014 Nigeria inasintha chaka choyambira kuwerengera GDP kuchoka pa 1990 kufika pa 2010. Malonda a mafoni ndi makanema amene sankawerengedwa bwino analowamo, GDP inakwera ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo dzikolo linaposa South Africa usiku umodzi. Ghana inachita chimodzimodzi mu 2010 ndipo GDP yake inakwera ndi pafupifupi 60 peresenti. Palibe amene analemera tsiku limenelo. Sikelo ndiyo inakonzedwa.

Chachinayi, muyeso umayeza kuchuluka mosavuta kuposa ubwino. Chaka cha sukulu chimawerengedwa chimodzimodzi kaya mwana waphunzirira m'kalasi ya ana 30 kapena pansi pa mtengo ndi anzake 150. HDI siinenanso za ufulu, chitetezo, ntchito, kapena katangale.

Chachisanu, muyeso ukakhala cholinga, anthu amayamba kusamala muyesowo m'malo mwa chimene ukuyeza. Mu September 2021 World Bank inathetsa lipoti lake la Doing Business, limene linkandandalika mayiko pa kuphweka kwa kuchita malonda, zitadziwika kuti ziwerengero za mayiko ena zinasinthidwa molakwika. Pozindikira kuti kulemera kwa zigawo ndi chisankho cha munthu, bungwe la OECD linakonza mu 2011 muyeso wa zigawo 11 umene umalola wowerenga kudziikira yekha kulemera kwa chigawo chilichonse n'kuona mmene mndandanda ukusinthira.

10. Kumene ziwerengero zimachokera

Manambala amene amalengezedwa ku New York ndi ku Washington amayambira pakhonde la nyumba ya m'mudzi. M'Malawi ntchito yosonkhanitsa ziwerengero ili m'manja mwa National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo chiwerengerochi ndicho maziko a nambala iliyonse yonena za munthu mmodzi. Kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wa 2019/20 anapeza kuti anthu opitirira pang'ono theka anali pansi pa mzere wa umphawi wa dziko lino. Kafukufuku wa zaumoyo amapereka ziwerengero za imfa za ana ndi kadyedwe, pamene makaundula a m'sukulu amapereka za maphunziro.

Banja likabisa mbuzi zake poganiza kuti litero lilandire thandizo, kapena likachulukitsa chiwerengero cha ana, cholakwacho sichithera pakhomopo. Chimalowa m'chiwerengero cha boma lonse, n'kukasokoneza kagawidwe ka mankhwala, aphunzitsi ndi mijigo. Kafukufuku wa ziwerengero si kalembera wa olandira thandizo, ndipo malamulo amateteza chinsinsi cha mayankho a munthu aliyense. Mafumu ndi atsogoleri a m'madera akupemphedwa kufotokozera anthu awo kusiyana kumeneku nthawi iliyonse olemba kafukufuku akafika m'dera.

11. Mafunso asanu a wowerenga

Aliyense wokumana ndi mndandanda wa mayiko, kaya m'nyuzipepala, pawayilesi kapena pa intaneti, adzifunse mafunso awa asanaukhulupirire kapena kuufalitsa:

Kodi wautulutsa ndani, ndipo wafotokoza njira imene wawerengera?

Kodi ziwerengerozo ndi za chaka chiti? Lipoti la chaka chino nthawi zambiri limanena za zaka ziwiri zapitazo.

Kodi madolawo ndi a mtengo wakubanki, a Atlas, kapena a PPP?

Kodi chimene chasintha ndi nambala ya dziko, kapena malo ake okha pamndandanda?

Kodi ndi chigawo chiti chimene chakwera, ndipo ndi chiti chimene chatsalira?

Akale anati ukayendera nzengo usati asakhwi afumbula. Nambala imodzi yapamwamba imangoloza kumene kuyenera kuyang'anidwa. Zofunika pokonza bajeti ya dziko ndi mapulani a makhonsolo zili m'zigawo zake: zaka za moyo, zaka za sukulu, ndalama za pakhomo, ndi mabanja amene akusowa madzi, magetsi ndi chakudya chokwanira.